Chipewa cha Apongozi

Laputopu yanga yoyamba ndinachita kupatsidwa ndi adona amene ndimawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Fish Hoek, kuno ku Joni. Anati yakalamba, ndiye m'malo moitaya anaiponya m'jumbo limodzi ndi makatani akale n'kundininkha. Ndinainyamula mapewa ali m'mwamba mpaka ku Masiphumelele komwe timakhala. Koma walira mvula walira matope. Anthu a kumpingo atangomva kuti m'nyumba mwathu mwalowa kompyuta, ndinasanduka mlembi wa aliyense popanda wondisankha.

Munali pulogalamu yolembera imene inatengera mtima wa adona ake, wopeza fumbi pamene palibe fumbi. Ukalemba "zikomo", imakudulira mzere wofiira kunsi. Ukalemba dzina la mudzi wako, wofiiranso. Pofika pansi pa tsamba, ntchito yako imaoneka ngati kope la mwana wobwereza kalasi. Zikanakhala zodula mizere zokha bwenzi tikupirirana, koma inalinso ndi dzanja lalitali, imakonza yokha mawu osaipempha. Pa ndondomeko ya ukwati wina ndinalemba kuti "Mawu ochokera kwa Abusa", iyo mwakachetechete inasintha kukhala "Abuse". Odziwa Chingerezi anaseka mpaka misozi, ndipo mayi wina amene sankagwirizana ndi abusawo anati makina anga ali ndi mphatso ya uneneri.

Matenda ake ena anali kuuma. Uli pakati polemba, imangoti gwa, kagudumu n'kumazungulira pakati pa galasi. Kenaka imadzitseka yokha. Ukaitsekulanso, imakufunsa mwaulemu ngati ukufuna ikubwezere ntchito yako. Ukavomera, imakubwezera theka, ngati nkhuku yobwerekedwa yobwerako ndi mwendo umodzi. Ndinkaitukwana m'Chichewa, podziwa kuti sichimva.

Tinkakhala choncho, ine ndi iyo, mpaka chaka chimene apongozi anga aamuna anamwalira ku Rumphi. Amuna anga ndi Mtumbuka, ine ndine wa ku Ntcheu. Nthawi imeneyo mapepala awo okhalira kuno anali osalongosoka, moti kupita kumaliro kukanatanthauza kusabwereranso. Anaonera pafoni bambo awo akutsitsidwa m'manda, chithunzi chikuduladula. Sanalire. Anazimitsa foni, n'kupita kukatsuka nsapato za kuntchito zomwe zinali zotsukatsuka kale. Ine zinandiopsa kuposa kulira.

Pamwamba pa wodilopu yathu panali chipewa chakuda chokulungidwa m'pulasitiki. Apongoziwo anachiitanitsa kalekale, ati mwana sangakhale ku Joni bambo ake n'kumapita kutchalitchi mutu uli pamtunda. Amuna anga anachigula ku Wynberg, koma ankadikira munthu wokhulupirika wopita kumudzi, woti sakachikhalira m'basi. Munthu wokhulupirikayo sanapezeke mpaka eni chipewa anapita. M'sabata ya maliro ija tonse tinkayenda m'chipindamo osayang'ana kumwamba.

Anzawo a amuna anga, a kumpoto, amene amasonkhana ku Kraaifontein anakonza mapemphero okumbukira malemuwo, Loweruka masana. Amuna anga analemba mbiri ya bambo awo pamanja, m'Chitumbuka, n'kundipatsa kuti nditayipe. Mapepalawo anali oti akagawidwe kumapempheroko, ndipo limodzi litumizidwe kwa apongozi aakazi kumudzi. Ndinadziwa kuti kwa iwo pepalali ndilo linali dothi lomwe sanathe kuponya m'manda. Ndinakhala pansi n'kuiuza laputopu ija kuti sabata ino yokha ikhale ngati munthu.

Chitumbuka changa ndi cha moni ndi kuitanira anthu chakudya. Polemba ndinaona timizere tokhota pamwamba pa ma w ambiri, ndinangoti cholembera chinkaterereka, munthu ali pachisoni. Ndinatisiya. Madzulo amuna anga atabwera kuntchito anawerenga, nkhope n'kugwa.

"Amayi, zipewa zili kuti?"

Maso anga anathamangira pa wodilopu. "Zipewa zanji?"

"Pa w apa. Ponena za kubadwa kwawo mwalemba kuti wakababika. Wakababika ndi mwana wakhanda. Adada ŵakababika."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana kudya nsomba ya minga. Kwawo kachipewa kameneka ndiko kamanyamula ulemu. W wovala chipewa ndi wa akuluakulu, w wopanda chipewa ndi wa mwana kapena mnzako wosewera naye mpira. Kulemba mmene ndinalembera ine kunali ngati kuimirira pagulu n'kulengeza kuti "bambo uja wafa". Tsamba lonse ndinali nditawatchula apongozi anga ngati kamnyamata koweta mbuzi.

Ndinachita manyazi, komanso ndinadabwa. Kwathu ulemu ndi kuvula chipewa, kwa anzathuwa ulemu ndi kuchivala. Ife tinachisiya pa dzina la dziko pokha, ndipo ngakhale pamenepo ambiri timachiiwala kunyumba.

Pa mabatani a laputopu palibe w wa chipewa. Ndinamufunafuna mpaka ndinakamupeza kuseri kwenikweni, m'kabokosi ka zilembo zachilendo, atakhala pakati pa zilembo za mitundu yomwe sindinaionepo. Ndinayamba kumutola mmodzimmodzi n'kumamuika m'malo mwake. Pulogalamu ija inauma kangapo, ine n'kumayambiranso. Nditamaliza ndinasunga bwinobwino. M'mawa mwake nditatsekula, paliponse pamene panali w wa chipewa panali kabokosi kopanda kanthu. Tsamba lonse timabokosi ndondondo, pa mbiri ya maliro. Ndinaiuza kuti bokosi limodzi linakwana kale ku Rumphi, enawa ndi a ndani?

Apa m'pamene ndinalakwitsa n'kufunsa nzeru pagulu lathu la pafoni. Nkhani ya mapulogalamu olembera ili ngati ya mipingo, aliyense wake ndiye wopita kumwamba. Alamu anga, msuweni wa amuna anga, analumbirira ina yaulere. "Mlamu, chotsani chinthu chakubacho, ikani ya mahala, ilibe stress." Mayi wina wa kwaya anati zonsezo n'zachikale, anthu masiku ano amalemba pa intaneti, ntchito imadzisunga yokha kumitambo. Wina anati ndigule yatsopano ya mtundu womwewo wa adona, yolipira mwezi ndi mwezi. Ndinamuyankha kuti lendi ya nyumba ikundikwanira, sindingayambenso kulipirira lendi zilembo.

Ndinayesa ya kumitambo ija. Zipewa inazilandira bwino, ndinayamba kuikonda. Kenaka magetsi anazima, netiweki n'kupita nawo, mbiri ya apongozi n'kutsala kumitambo komweko pamodzi ndi eni ake. Ndinayesa kulemba pafoni, koma zala zanga ndi zochapa ndi kukolopa, batani limodzi ndimadina atatu. Ndinabwera kwa yaulere ya alamu. Iyi zipewa inazisunga, mawu anga sinawakhudze, koma inali ndi chiwanda chake pa zithunzi. Chithunzi cha malemu ndikachiika pamwamba, chimakapezeka tsamba lomaliza chitakhalira pemphero lotsekera. Ndikachikokera kumtunda, ndime zonse zimabalalika. Pofika Lachinayi ndinali ndi mbiri zinayi m'mapulogalamu osiyanasiyana, yabwino panalibe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndinasankha kufera pa yaulere, ndipo ndinalimbana ndi chithunzicho mpaka chinakhala pamalo pake.

Loweruka m'mawa tinatsikira ku Wynberg kukasindikiza, kuti kuchoka apo tikwere sitima. Amuna anga anavala suti yawo ya ukwati. Mwini kashopu kosindikizira anatenga fulashi yanga n'kuilowetsa m'kompyuta yake, ndipo nditasuzumira ndinaona nkhope yodziwika: pulogalamu yake inali mng'ono wake wa ya adona ija, yatsopano, yonyezimira. Tisanati n'komwe tione kaye, makina anali atayamba kale kulavula mapepala. Ndinatola limodzi likadali lofunda. Chithunzi chinali pamalo pake, ndime zili bwino, timabokosi palibe. Zipewa nazonso palibe. Ma w onse anali mbee, mitu pamtunda.

Ndinamuonetsa bamboyo. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana ine. "Sisi, it's the same thing mos. W is w." Kumbuyo kwathu kunali mzere wa anthu, ndipo nthawi ya sitima inali itakwana.

Aliyense amene ndimamuuza nkhaniyi amandidula pakamwa pomwepa, ati ndikanasunga ngati PDF. Ndikudziwa tsopano. Anthu anzeru zimenezi sabata imene ija anali kuti, sindikudziwa.

Panja, pakati pa ogulitsa zipatso ndi oitanira matakisi, amuna anga anaima mapepala ali m'manja. Analankhula motsitsa.

"Tisakagawe. Ndikangonena pakamwa. Kumudzi sititumiza kanthu."

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma ndi makina onse a pansi pano. Sabata yathunthu ndikugwadira zinthu zopanda ndi agogo omwe, lero zindiuze mmene tilemekezere akufa athu? Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa zolembera ziwiri zakuda.

"Inu, kodi poyamba paja zipewazi anaziika ndi makina? Tiyeni tikwere."

M'sitima tinagawana mapepala, aliyense ake pabondo. Sitima za kuno sizidziwa kuti munthu akulemba. Zipewa zina zinkatuluka zopendekera ngati za akuchokera kumowa, zina zinkagwera pa chilembo choyandikana nacho. Ine chifukwa cha changu ndinayamba kuveka w aliyense amene ndakumana naye. Amuna anga anasuzumira pepala langa.

"Uyo muvuleni. Ameneyo ndine."

"Inunso ndinu bambo, eni nyumba, valani."

"Pamaso pa adada ndine mwana. Muvuleni."

Anamwetulira pang'ono, koyamba chichitikireni malirowo. Titasintha sitima m'tauni tinapitiriza, ine ndikufunsa, iwo akuloza. Ndinaphunzira Chitumbuka chambiri pakati pa Wynberg ndi Kraaifontein kuposa zaka zonse za banja lathu. Ŵakababika, ŵakasambira, ŵakatora, ŵakalima, ndiye kuti anabadwa, anaphunzira, anakwatira, analima, moyo wonse wa munthu tikuuveka chipewa mzere ndi mzere, pepala ndi pepala.

Tili pafupi kufika ndinaona kuti dzanja lawo laima. Cholembera chinali pamzere womaliza, pa mawu oti wakafwa, onena za imfa ya bambo awo, chipewa asanaike. Ndinaganiza kuti inki yatha, ndinawapatsa changa. Sanalandire.

"Chipewa chawo chija sindinatumize," anatero.

Ndiye analira, bambo wamkulu wa suti, m'sitima yodzaza anthu osamudziwa. Mayi wina wachikhosa amene anakhala moyang'anana nafe anatembenukira kuwindo kuti awapatse malo. Inenso nthabwala zonse zinandithera. Ndinangogwira pepala lija kuti lisagwe, n'kunena kuti, "Avekeni ichi."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa suti, n'kujambula kachipewako pang'onopang'ono, sitima ikugwedeza. Kanatuluka kowongoka, koma dontho linagwera pomwepo inki n'kuyenderera. Pepala limenelo sitinagawe. Tinalipinda n'kuliika mkati mwa chipewa chakuda chija, ndipo sabata yotsatira amuna anga anachitsitsa pa wodilopu n'kuchipereka kwa munthu woyamba amene anamva kuti akupita ku Rumphi, osafunsanso ngati ndi wokhulupirika.