Madontho Akuda pa Chithunzi cha Bambo

Bambo atabwerako ku Joni kokajambulitsa khansa ya prositeti, tinayala chithunzicho pamkeka kwathu ku Mitundu. Pachithunzipo thupi lonse linali lotuwa, koma m'masaya, m'mbali mwa msana ndi kunsi kwa mchombo munali bii. Azakhali a ku Nathenje sanafunse munthu. Kutacha anayamba kuunjika nkhuni za pamaliro kuseri kwa nyumba, bambo akuona. Ndinawalalatira azakhaliwo, n'kulumbira kuti nkhunizo ndizimwaza.

Nditawaonetsa chithunzicho, adokotala ku Lilongwe anati zakudazo ndi impso, chikhodzodzo ndi mopangira malovu, ndipo mankhwala ojambulira amasonkhana mmenemo mwa munthu aliyense. Mtima unakhala pansi. Kenako analoza kadontho kotuwa panthiti, kamene tonsefe sitinakaone, n'kunena kuti kodetsa nkhawa ndi kameneka.

Nditafika kunyumba, nkhuni zija sindinazikhudze.