Chipini cha Apongozi a Che Bwanali

Che Bwanali amamata maboti pa Kachulu. Boti la faibala likabooka, amalikokera kumtunda, amapala pobookapo, n'kupakapo rezini, madzi onunkha aja amene ukawadonthezera mankhwala oumitsa amalimba ngati mwala. Ntchito yodyera ndi imeneyo. Rezini yotsalira m'zitini sataya. Amapita nayo kukhonde la kuseri kwa nyumba yawo, kumene amasema timabwato totalika ngati chala, n'kutimiza mu rezini m'chikombole cha malata, kuti zikauma patuluke kanyanja kogwira m'manja.

Zikauma, ndatero. Nyanja ya Chilwa yaphwapo n'kudzazanso bamboyu akuyesabe, koma rezini yawo sinatulukepo bwino. Nthawi ya chiperoni imakana kuuma, imangonanda ngati ulimbo, tizilombo ta kunyanja n'kumadzafera pomwepo. Akapsa mtima n'kuchulutsa madontho oumitsa, imatentha, imafuka, kenako kung'aluka pakati. Tsiku lina anamizamo matemba osaumitsitsa. Zonse zinachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga, matembawo n'kumaola bwinobwino mkatimo, popanda wowasokoneza. Ndiye pali thovu. Anaphunzira kuvundula pang'onopang'ono, kuthira m'mbali mwa chikombole, kuyamba apaka vanishi kabwatoko kuti mtengo usapumire mu rezini. Thovu limachepa, koma limodzi silisowa, ndipo limasankha pakati penipeni.

Akazi awo, a Rehema, amene pa dooko amadziwika kuti Abiti Jafali ogulitsa matemba, zolephera zonsezi amatsamiritsira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse.

Chaka chino kunabwera Bambo Wilisoni, a ku ofesi ina ya ku Zomba imene ntchito yake ndi kuitanitsa misonkhano yokambirana za nyanja, kawirikawiri kutali ndi nyanjayo. Ankakonza chionetsero cha luso la anthu a m'mbali mwa nyanja. Anatembenuza kabwato kamodzi m'manja, nati ndi kabwino ndithu, koma mulibe chikhalidwe.

"Muikemo chinthu chakale, cha makolo. Alendo amakonda zakale. Chionetsero chikatha tidzakubwezerani."

M'nyumba ya Che Bwanali chakale chinalipo chimodzi chokha: chipini cha malemu amayi awo a Abiti Jafali, kachitsulo koyera kobulungira kamene mayiyo anavala pamphuno mpaka tsiku lomwalira. Abiti Jafali sanaboole mphuno. Chipinicho ankachisunga m'kabotolo ka mafuta odzola, pansi pa sutikesi.

Che Bwanali anachiona kale m'maganizo: kabwato pansi, chipini pamwamba ngati mwezi.

"Chikalowa mmenemo chimatulukanso?" anafunsa Abiti Jafali.

"Sichituluka. Koma sichitayikanso, sichichita dzimbiri. Chidzakhala pa shelefu apa, muzidzachiona tsiku lililonse."

"M'nyumba muno?"

"Muno."

"Bambo a Fatuma, inu zinthu zanu zimathera kuchitseko."

Komabe anamasula sutikesi.

Chiperoni chitachoka, dzuwa litawala bwino m'mawa wina, Che Bwanali anayala zida pakhonde. Gawo la pansi anali atathira kale, litalimba, kabwato katakhala pamwamba pake. Anaika chipini pamalo pake, anayeza madontho mosamala ngati mankhwala a khanda, anavundula, nathira gawo lomaliza. Rezini inayenda bwino, inaphimba kabwato, inaphimba mwezi. Anawerama kufunafuna thovu. Panalibe. Anafunanso. Panalibe ndithu.

Rezini ikathiridwa imakupatsa nthawi yofanana ndi yoti tiyi azizire m'kapu. Kenako imayamba kufunda, imagwirana ngati phala la dzulo, ndipo ikapitirira apo chimene chili mkati ndi cha mkati.

Nthawi imeneyo ndi imene njinga yamoto inaima panja, Bambo Wilisoni n'kutsika akukutumula fumbi pa jekete.

Mlendo sumufunsa chimene wadzera asanakhale. Che Bwanali anatulutsa mpando. Anafunsana za kunyumba, za ku Zomba, za msewu. Abiti Jafali anabwera kudzapereka moni atagwada, nabwerera kukaima pakhomo ndi lichero la matemba.

"Ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero Bambo Wilisoni. "Komiti yakhala pansi. Yaona kuti luso lanuli si longoonetsa chabe. Tidzalipereka ngati mphatso kwa mlendo wolemekezeka, apite nalo kwawo."

Lichero linasiya kugwedezeka.

"Bwana," anatero Che Bwanali, "paja munati mudzabweza."

"Poyamba zinalidi choncho. Koma ndikufotokozereni mmene komiti imayendera."

Ndipo anayamba kufotokoza. Anayambira pa komiti yaikulu, anatsikira ku komiti yaing'ono yoona za mphatso, imene inabadwa chifukwa komiti yoona za alendo inali ndi ntchito yambiri. Munthu wa m'boma akamalankhula pakhomo pako sumudula mawu. Che Bwanali ankavomera, "Eya, bwana," dzanja lili pambali pa chikombole. Malata anali atayamba kufunda.

"Muli chipini cha apongozi anga mmenemu, bwana."

"N'chifukwa chake komiti yachikonda. Dzina lanu lidzatchulidwa pa maikolofoni. Mwina la apongozi anunso, pulogalamu ikalola."

Che Bwanali anayang'ana mu chikombole. Zaka zonse zija, ndipo lero kanyanja kanali mbee, koyera ngati madzi a pa mjigo, kabwato katayandama, mwezi uli pamwamba pake. Anagwedeza chikombole pang'ono. Rezini sinayende ngati madzi. Inangonjenjemera.

Anayang'ana kukhomo. Abiti Jafali sankayang'ana iwo, kapena mlendo. Ankayang'ana chitseko, pamene panali mulu wa zolephera zija.

"Tikathira ina, bwana, yopanda chipini?"

"Ayi, zalembedwa kale kuti muli chinthu cha makolo. Kuti tisinthe, komiti iyenera kukhalanso pansi, ndipo apampando ali ku semina ku Mangochi. Ndiye monga ndimanena, pa tsikulo inu mudzaima kumanzere kwa..."

Malata tsopano ankawotcha. Che Bwanali anati, "Pepani, bwana," napisa zala ziwiri mu rezini.

Inali yotentha ngati phala la pamoto, ndipo inagwira zalazo osafuna kuzisiya. Chipini chinaterereka, chinathawira pansi pa kabwato. Anachitsata, kabwato kanapendekeka, anachipana ndi chikhadabo, nachikoka. Chinatuluka ndi ulusi wa rezini ukulendewera. Anachiponya m'kachitini ka thina, mankhwala otsukira rezini, namiza zala zawo momwemo, akukukuta mano.

Bambo Wilisoni anali ataimirira. "Che Bwanali, mwadziwa chimene mwachita? Mwaononga katundu wa chionetsero."

"Rezini yake imavuta, bwana. Afunseni mayiwa."

"Imavuta," anatero Abiti Jafali. Anatula lichero, anavuula chipini m'chitini, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, nachimangirira pomwepo mfundo ziwiri. Atatero ndi pamene anapita kukatunga madzi ozizira a zala za amuna awo.

Rezini ija inauma bwino lomwe, kwa nthawi yoyamba, yosananda, yosang'aluka. Kungoti pakati panali dzenje la zala ziwiri, ndi kabwato kogona chammbali pansi pake. Bambo Wilisoni anaitembenuza m'manja. Mzere wa mphatso unali utalembedwa kale pa pulogalamu, ndipo mzere wolembedwa sungakhale wopanda kanthu. Anaikulunga m'nyuzi, nakwera njinga.

Amene anapita ku chionetsero akuti mlendo wolemekezeka anaiyang'ana nthawi yaitali. Pansi pake panali kapepala kofotokoza kuti dzenjelo likuimira kuphwa kwa nyanja chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Dzina la Che Bwanali silinatchulidwe, nthawi inatha.

Zala zinasupuka khungu, zinapola. Chipini chinabwerera m'kabotolo kake, ndipo sutikesi masiku ano ili ndi loko. Che Bwanali akuthirabe timabwato kukhonde kuja. Rezini ya sabata yatha inatuluka ndi thovu limodzi, pakati penipeni.