Liwu la agogo limene kunalibe papepala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinauzidwa kuti liwu lina limene ndinkalimva ndi makutu angawa kulibe. Anandiuza zimenezi ndi a Profesoro Bande, amene ankaphunzitsa banda ya tchalitchi, gulu loliza zitoliro, kwathu ku Zobwe, ndipo anali munthu wosanama. N'chifukwa chake nkhaniyo inandisowetsa mtendere.

Ine ndinkaliza kalarineti, chitoliro chakuda chachitali cha mabatani asiliva, chimene chimalira ndi kabango kopyapyala kapakamwa. A Profesoro ankatiphunzitsa kuwerenga nyimbo papepala. Ankakonda kutifotokozera za magulu aakulu a ku Ulaya, oimba ochuluka ngati mudzi wathunthu, koma onse maso ali pa kandodo ka munthu mmodzi. Kandodo ka a Profesorowo kanali kamtengo wapichesi, ndipo sikankangotsogolera nyimbo kokha ayi. Chimene chinkandivuta kwambiri chinali kudikira. Pepala likati khala chete, unkawerenga chamumtima mpaka nthawi yako ikwane, anzako akuimba iwe utangoti ndwii.

Masiku amenewo malasha a ku Moatize anali atangoyamba kutchuka, ndipo magalimoto akuluakulu ankandandalikana pachipata cha malire. Pafupi pomwepo panali loja ya Che Amadu, kumene amayi ankandituma sopo ndi mchere. Dalaivala wina wa ku Joni anawasiyira chimbale cha nyimbo za jazi, ndipo ankachiliza tsiku lonse mpaka makasitomala ena kudandaula. Ine ndinkaiwala ndi zimene andituma. M'nyimbo zija munali chitoliro chonga changa, koma chinkachita zoletsedwa. Chikafika pa liwu, chinkalipinda n'kutsika nalo pang'ono ngati munthu wodandaula, kenako n'kubwerera.

Ndinawafunsa Che Amadu kuti ndani amawalembera anthu amenewa zoti aimbe. Anaseka n'kunena kuti iwo za nyimbo sadziwa, koma kwa iwo zinkamveka ngati anthu otsatsana malonda: uyu watchula mtengo, uyo watsitsako, mpaka agwirizana.

Ndinayesayesa kuseri kwa khola mpaka ndinapeza chinsinsi chake. Ukalekerera mlomo wam'munsi pang'ono, liwu limatsetsereka n'kukaima pakati pa mawu awiri apapepala. Ndinakondwa kwabasi, ndipo Loweruka lotsatira ndinakaonetsa luso langalo m'kati mwa nyimbo ya Maria. Kandodo kanagunda tebulo.

"Lusiya, nota imeneyo kulibe," anatero a Profesoro.

Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti chinthu chimene kulibe chingatuluke bwanji m'chitoliro.

Amayi anga ndi Anyungwe, ochokera kumudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje kufupi ndi Moatize. Mudziwo unasamutsidwa kuti papite mgodi, ndipo abale athu anapatsidwa nyumba ku Mwaladze. Agogo anga aamuna anamwalirira kumeneko. Patatha chaka tinaitanidwa ku bona, mwambo wotsiriza wokumbukira malemu. Kunayenera kukhala mapemphero m'mawa, choncho a Profesoro anandibwereka kalarineti kuti ndikatsogolere nyimbo.

Tinafika kutatsala masiku angapo, titakwera shapa, kaminibasi kodzaza anthu, mpaka mafupa kuwawa. Ku Mwaladze kunali kouma, nyumba zofanana zili m'mizere, ndipo kutentha kwake ife a kumapiri tinkangoti tifa. Tinapeza malume anga a Chapepa ali okhumudwa. Iwo ndiwo ankatsogolera gule wa nyanga, amene agogo anavina moyo wawo wonse.

Nyanga ndi timabango tomangidwa pamodzi tiwiri, titatu kapena tinayi. Mwamuna aliyense amakhala ndi take, ndipo palibe amene amaimba nyimbo yonse. Uyu amaliza mawu ake awiri n'kusiya, uyo n'kulowa pamene mnzake wasiya, onse akuzungulira ndi maseche m'miyendo. Nyimbo imamveka yathunthu pokhapokha aliyense akalowa pampata pake. Nyanga za agogo zinasweka pagalimoto tsiku la msamuko, ndipo bango labwino linatsala kumtsinje, kuseri kwa mpanda wa mgodi. Agogo ali moyo ankatseka mpata wawo pong'ung'udza ndi pakamwa. Tsopano mpatawo unali pululu.

Madzulo ndinakhala pa mtondo n'kumaonerera akuyeserera. Nyimbo inkayenda bwinobwino, kenako n'kugwera m'dzenje, amuna n'kusokonezana mapazi. Malume anali atadula timabango tina, koma mawu ake sankagwirizana ndi a anzake. Ndinawamva akuuza amayi kuti nyimbo ya bambo awo ikakanika kuima pa bona, amasula anthu aja aliyense azipita kukasaka maganyu, gule n'kuthera pomwepo. Amayi anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ine chinandigwira si chisoni chokha ayi, komanso chidwi. Dzenje lija linkabwera pa nthawi yake yeniyeni, ndipo ndinapezeka ndikuliwerenga chamumtima monga ankatiphunzitsira a Profesoro. M'mawa mwake ndinatenga kalarineti n'kupita kwa malume, amene ankasoka maseche pansi pa mtengo. Ndinawapempha kuti andiimbire mawu a agogo.

Anachitembenuzatembenuza chitolirocho mokayika, mpaka anaona kabango kapakamwa kaja. "Kani nachonso n'chabango," anatero. Kenako anang'ung'udza mawu awiri.

Loyamba ndinalipeza msanga. Lachiwiri linandizunza. Ndikaliza ili, malume ankati lakwera. Ndikaliza lotsatira pansi pake, ankati latsika. Ndinayesa mabatani onse, iwo akungopukusa mutu, mpaka anayamba kubwerera ku maseche awo. Pamenepo ndinakumbukira loja ya Che Amadu. Ndinaliza lapamwamba lija n'kulekerera mlomo pang'onopang'ono, liwu n'kumatsetsereka. Malume anandigwira dzanja.

"Ima pomwepo, mwanawe. Usasunthe."

Linali liwu lomwe lija limene kulibe.

Ntchito inali isanathe. Atabwera amuna aja, ine ndi chimwemwe changa ndinayamba kukometsera, kuthamanga m'mwamba ndi m'munsi ngati munthu wa m'chimbale uja. Mkulu wina anaima n'kufunsa ngati mwana wa ku Zobweyu amapuma n'komwe. Onse anaseka, ine manyazi anandigwira. Malume anandiuza m'Chinyungwe chawo, amayi akumasulira pamene sindinamve, kuti agogo ankadziwa nyimbo yonse kuposa aliyense, koma kwa zaka zonsezo ankaliza mawu awiri okha, chifukwa enawo anali a anzawo.

Panalinso nkhani yoti nyanga saliza akazi. Anakambirana kwa kanthawi, n'kugwirizana kuti chimene ndanyamulacho si nyanga, choncho ndiime kunja kwa bwalo pamodzi ndi amayi oimba.

Tsiku la bona, mapemphero atatha ndipo dzuwa litapendeka, amuna analowa m'bwalo. Fumbi linakwera, maseche akulira. Ine ndinaima pakati pa amayi oimba aja, ndikuwerenga. Dzenje litafika ndinaponyamo mawu anga awiri, lowongoka ndi lopindika, n'kukhala chete. Nyimbo inadutsa osagwa. Inazungulira n'kubweranso, ine n'kuponyamonso. Amayi akumeneko ankaimba m'Chinyungwe, ena a kwathu akuyankha m'Chinyanja, ndipo palibe amene ankanditembenukira, zimene zinandiuza kuti zikuyenda. Amayi anga okha ndiwo anasiya kuimba. Anali atatseka maso, ndipo nthawi iliyonse mpata uja ukafika, milomo yawo inkati, "Baba."

Nditabwerera ku Zobwe ndinawafotokozera a Profesoro zonse, ndikuyembekezera kandodo. Anandiuza kuti ndilize liwulo. Anamvetsera, n'kuyang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anatenga pensulo n'kujambula kamuvi koloza pansi pambali pa nota ija. Anati m'nyimbo ya Maria ndisadzayerekezenso, koma kwinako ndi nkhani ina.

Lero ndimaimba mumzinda wa Tete ndi gulu la anthu osiyanasiyana. Ena anaphunzira zapapepala, ena ndi a jazi, ndipo timaimba m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chipwitikizi. Anthu amatifunsa kuti timasakaniza bwanji zinthu zotalikirana chonchi. Kale ndinkaganiza kuti kusakaniza ndiko kuthira zonse zimene ukudziwa nthawi imodzi. Tsopano ndikudziwa kuti umayamba wamvetsera pamene pali mpata, n'kudikira, ndipo ukalowa umapinda liwu lako kuti likumane ndi la mnzako. Pepala linandiphunzitsa kudikirako, jazi kupindako, koma kukhutira ndi mawu awiri ndinakuphunzira ku Mwaladze.

Malume anadzapeza bango labwino patapita zaka, ndipo mdzukulu wawo wina ndiye amaliza mbali ya agogo. Pozidula nyanga zatsopanozo anandiitanitsa ndi kalarineti yanga, kuti ayezere liwu limene kulibe lija.