Bakha Wathu Anapakidwa Utoto ku Tokyo

Ndili mwana ku Chilomoni, pamzere wathu nyumba imodzi yokha ndiyo inali ndi kanema ndi deki ya matepi. Eni ake anali ndi tepi ya katuni imene m'bale wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Loweruka masana tinkathithikana pasimenti, nsapato titasiya pakhomo, kuonera kamtsikana koyenda pa sitima ndi bambo ake okonza mawotchi, pamodzi ndi bakha wawo wa mlomo wachikasu, wakuba chilichonse chonyezimira. Chingelezi chawo chinali chothamanga, sitinkatolapo zambiri, koma nyimbo yoyambira tinailoweza tonse. Ife tinkangoti ndi za ku Amereka.

Pano ndimakhala ku Scarborough, m'dziko la Canada, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Chaka chatha anandipatsa mayi ena a ku Japan, okhala ndi mwana wawo wamwamuna ku Oakville. Anali ochepa thupi, osayankhulayankhula. Ndikafika ankangogwedeza mutu, ine n'kuyamba ntchito.

Tsiku lina m'mawa ndikuwapesa tsitsi, ndinayamba kuimba chapansipansi nyimbo ija, osazindikira n'komwe. Mwadzidzidzi anandigwira dzanja.

"Pepani Mayi, ndakukokani tsitsi?" ndinafunsa.

Anangoilandira nyimboyo pomwe ndinalekezera, n'kuiimba m'Chijapani mpaka kumapeto.

"Mwana wanga, nyimbo imeneyi unaimva kuti?"

"Kwathu ku Malawi, Mayi. Ya katuni ya bakha wakuba."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandituma kuti nditenge bokosi lafulati pansi pa bedi. M'katimo munali mapepala a pulasitiki oonekera kuseri. Anakweza limodzi chakuwindo, ndipo si uyu bakha wathu, mlomo uli yasa, atanyamula supuni!

"Mlomo uwu ndinapaka ndine," anatero.

Ndinakhala pansi, chipeso chili m'manja. Mayi osayankhula aja tsiku limenelo anatsegula pakamwa. Anati kampani yawo inayambira m'chipinda chalendi pamwamba pa shopu ya njinga ku Tokyo. Poyamba ankapanga timakatuni totsatsa sopo ndi maswiti. Kenako anayamba nkhani zazitali za pa kanema: ina ya ana a msodzi, ina ya galimoto yozimitsa moto yoyankhula, ndiye n'kubwera ya bakhayo, imene inagulidwa m'mayiko akunja. Amuna ankajambula mizere, iwo ndi atsikana anzawo ankapaka utoto kuseri kwa pulasitiki, chithunzi chimodzichimodzi. Makompyuta atabwera ntchito inayamba kuchepa, mwini wake anadwala, kampani n'kutsekedwa.

"Palibe anatiuza kumene zithunzi zathu zinkapita," anatero. "Munkaonera ana angati?"

"Chipinda chodzaza, Mayi! Ena ankasuzumira pawindo atakwera njerwa."

Anaphimba nkhope ndi manja awiri, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Ndili mu sitima pobwerera ndinaimbira achimwene anga, amene amagwira ntchito kumalo osungira katundu ku Brampton.

"Ndili pa shifiti, ndikuimbira pa buleki," anatero mwachidule.

Ndinangowatumizira chithunzi cha bakha. Foni inalira nthawi yomweyo.

"Iwe! Wamupeza kuti ameneyu?" Ankakuwa moti mzungu amene ndinakhala naye pampando anatembenuka. Munthu wamkulu, wa ana atatu, anayamba kuimba pa foni, mafolokolifiti onyamula katundu akulira kumbuyo kwake.

Kunyumba ndinafotokozera mwana wanga wamkazi. Iyeyu anabadwira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi, ndipo makatuni a ku Japan ndiye chakudya chake. Ndinali nditatopa kumukalipira kuti azimitse zidole zakezo. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba, n'kufunsa ngati ndikunena zoona kuti inenso ndinkaonera zimenezi.

Mayi aja anatiitana tonse Lamlungu. Tinapita titaweruka kutchalitchi, achimwene ali mu jekete, atanyamula mandasi amene alamu anakazinga. Pakhomo achimwene anawerama kwambiri mpaka magalasi awo anagwa. Mayiwo anali atauza mwana wawo kuti agule utoto ndi timaburashi. Manja awo amanjenjemera masiku ano, choncho anakhazika mwana wanga patebulo n'kumamulangiza: tembenuza pepala, usakwereze burashi, dontheza utoto uziyenda wokha. Mwana wangayo ankapaka, lilime lili panja. Atalitembenuza pepalalo, mtundu unali wosalala bwinobwino, ndipo anakuwa m'Chichewa, "Amayi, taonani!"

Achimwene nawo anati ayese. Utoto unadutsa mzere, bakha n'kutuluka ndi mlomo wotupa ngati walumidwa ndi njuchi. Mayiwo anawalanda burashi n'kuwauza kuti ku kampani kwawo akanawapatsa tsache. Tinaseka mpaka misozi.

Mwana wawo anandikokera pambali kukhitchini n'kundiuza kuti chibwerereni ku Canada, mayi ake sanayankhulepo chonchi. Anatikakamiza kuti tidye nawo chakudya chamadzulo. Sitima imene tinkafuna kukwera inatisiya, ndipo palibe amene anadandaula.