Kwathu ndi Kukaya

Pamsika wa Lundazi, dzuwa likafika paliwombo ogula n'kuchepa, amayi ogulitsafe timayamba kusamuka ndi pakamwa. Wina amati akanakhala ndi mapiko akanakatera ku Lusaka. Wina amati ku Joni, kumene mwana wake adamutumizirako bulangeti lolemera ngati thumba la feteleza. Mnzanga wa tomato, yemwe ndi ku Chipata komwe sanapondeko, amalumbira kuti dziko lokoma ndi Tanzania poti zitenje zimachokera kumeneko. Akatopa amatembenukira kwa ine wa mtedza.

"Nanga imwe amama, Zambia na Malawi, mungasankhe kuti? Paja muli na magazi ya konse kuwili."

Funso limeneli ndimadana nalo. Ndidaliyankhapo kamodzi, koma ndidayankhira munthu wina, ndipo munthuyo adali mayi anga ondibereka.

Amayi adali Mchewa wa ku Dowa, ku Malawi. Bambo anga, Mtumbuka wa ku Kapichila, adapita akali mnyamata kukagwira ntchito m'minda ya fodya tsidya ilo la malire, ndipo pobwerera adabwera ndi mkazi. Adapereka malowolo monga mwa mwambo wa kwawo, ngakhale kwa Achewa zimenezo zidali zachilendo. Amayi adafika ku Kapichila osadziwa Chitumbuka ngakhale moni. Alamu awo adawaseka mpaka kukhuta, koma amayi adali munthu wouma mutu, ndipo ine ndidatengera iwo. Patatha zaka zochepa ankakalipa m'Chitumbuka moti owasekawo ankathawira kuseri kwa nkhokwe.

Chichewa sadachitaye. Ife ana awo awiri, ine ndi achimwene anga aakulu, ankatilankhula m'Chichewa cha kwawo. Ndipo adali ndi mawu awiri amene sankawasokoneza konse. Akati "kwathu" ankanena ku Dowa. Akati "kukaya", lomwe ndi liwu la Chitumbuka lotanthauza kumudzi kwanu, ankanena ku Kapichila. Tikachedwa kuchigayo ankati, "Tiyeni kukaya, kwada." Akalawa ndiwo zosakoma ankati, "Kwathu saphika chonchi." Tidakula tikudziwa kuti amayi ali ndi makomo awiri, lililonse ndi dzina lake.

Bambo atamwalira, amalume adabwera kuchokera ku Dowa kudzatenga mlongo wawo. Adakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, chipewa pabondo, n'kunena kuti ukwati watha, mbumba ibwerere kwawo. Amayi adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adati, "Achimwene, ana ali kuno, munda uli kuno. Ndidzabwera kudzacheza." Amalume adabwerera okha.

Ine panthawiyo ndidali nditangokwatiwa kumene, ndipo yankho limenelo ndidalimva molakwika. Ndidaganiza kuti amayi amangidwa ndi malowolo ngati mbuzi pachikhomo, kuti mtima uli ku Dowa koma chingwe chikukana. Ndidakwiyira mwambowo, ndidakwiyira achibale a bambo, ndipo mkwiyowo ndidausunga zaka zambiri osafunsa mwini wake ngati adalidi womangidwa.

Ukalamba udawalowa amayi kudzera kumutu. Ankaiwala poto pamoto. Tsiku lina adawapeza pamsewu wa ku Chikomeni atanyamula khasu, akuti akufunafuna munda wawo. Achimwene ndi akazi awo nthawi ya fodya amakhala kumunda kuyambira m'mawa mpaka madzulo, choncho tidagwirizana kuti ndiwatenge azikhala ndi ine ku boma.

Kunyumba kwanga Chitumbuka chidayamba kuwathawa. Poyamba ankasakaniza, kenako chidatheratu. Azakhali athu, mlongo wa bambo, amene adakangana nawo ndi kugwirizana nawo zaka zonsezo, adabwera kudzawaona n'kuti, "Monile mulamu, muli uli?" Amayi adawayang'ana mwaulemu ngati mlendo, n'kuyankha, "Ndili bwino, kaya inu mayi?" Azakhali adatuluka panja kukalira.

Kenaka padayamba za phukusi. M'mawa uliwonse ankamanga zovala ziwiri zitatu m'chitenje, n'kukhala pakhonde phukusi lili pamiyendo.

"Mukupita kuti amayi?"

"Ndifuna kwathu."

Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ine mtima udandiuza kuti si ichi, chimene ndinkanena chija chaoneka. Nkhalamba ikufuna kwawo ku Dowa, kumene idakanizidwa kupita. Ndidaimbira foni msuweni wanga, mwana wa amalume aja, poti amalumewo adali atamwalira kale. Iye adati abwere, nyumba ilipo, azakhali ake sangasowe pogona.

Achimwene atamva adakwera njinga kubwera ku boma.

"Mulongo wanga, amama niwa kuno. Adada agona paja, ndipo malo ya amama yali pambali pawo. Ngati walema nawo, bweletsa kumunzi, tizaona mochitila."

Mawu akuti ndatopa nawo ndi amene adandiyatsa. Ndidawauza kuti ng'ombe za malowolo zidafa kalekale, zikopa zake zidatha ndi njenjete, koma iwo akadagwirabe chingwe. Ndidawauza kuti amayi si katundu wa mudzi wa Kapichila. Ndidalankhula zambiri, zina sindingazilembe pano. Achimwene ndi munthu wofatsa, pakamwa polemera. Adangoti, "Tiwafunse eni ake."

Tidapita pakhonde. Ndidagwada pafupi ndi amayi n'kufunsa pang'onopang'ono, "Amayi, mukufuna kukhala kuti? Ku Zambia kuno, kapena ku Malawi?"

Adandiyang'ana ngati ndawafunsa zopusa. "Zimenezo n'za aboma. Ine ndifuna kwathu."

"Mwamva?" ndidatero kwa achimwene. "Sananene kukaya. Anena kwathu."

Achimwene adakanda kumutu. Mawu awiri aja ankawadziwa monga ine. Ndidapambana mlandu tsiku limenelo, ndipo ndidanyada. Sizidandifikire m'mutu kuti munthu amene Chitumbuka chonse chamuthawa watsala ndi liwu limodzi lokha lonenera kumudzi.

Tidanyamuka dzinja litangotha. Tidadutsa malire pa Lusuntha, n'kukwera galimoto zitatu zosiyana tisanafike ku Dowa. Njira yonse amayi adali osangalala, phukusi pamiyendo, akuuza aliyense wokhala naye pafupi kuti akupita kwawo. Ine ndinkadziona ngati mwana yekhayo amene adawamvetsa.

Msuweni wanga adatilandira bwino kwambiri, ndipo pa zonse zimene zidachitika iye ndilibe naye mlandu. Adawakonzera chipinda, adapha nkhuku, adaitana nkhalamba ziwiri zimene zinkati zidasewera ndi amayi ali atsikana. Amayi adaseka nazo, adaimba nazo kanyimbo ka pamtondo kamene ine sindidakamvepo. Ndidakhala masiku anayi. Tsiku lachisanu ndikutsanzika, ndidawapeza atamanga kale phukusi. Adagwira chitenje changa.

"Tikupita?"

"Ayi amayi, inu mwafika. Kuno ndiye kwanu."

Adayang'ana bwalo, nyumba, mitengo, kenako ine. Sadasiye chitenjecho. Ndidachotsa zala zawo chimodzichimodzi, ndikuseka kuti asaone kanthu, n'kuthamangira galimoto. Zala zimenezo ndimazimvabe.

Miyezi yotsatira ndinkaimba foni Lamulungu lililonse. Msuweni ankati akudya bwino, akugona bwino, kungoti phukusi lija samalisiya. Ine ndinkati ndi ukalamba, adzazolowera. Ndinkati ndidzapita ndikagulitsa mtedza wa chaka chimenecho. Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, foni idalira m'mawa ndili pamsika, ndipo msuweni adandiuza kuti amayi atisiya.

Kudutsa ndi maliro pamalire si nkhani yamasewera, komanso a ku Dowa adati mwana wawo wafera pakhomo, agone ndi makolo ake. Achimwene sadatsutse. Tidapita limodzi, tidaika amayi m'manda a anthu amene ife sitinkawadziwa, kutali ndi malo aja adawasiyira pambali pa bambo.

M'mawa mwake, atasesa pabwalo, msuweni adatiitanira kuseri kwa nyumba ine ndi achimwene. Adabweretsa phukusi lija. Titamasula tidapezamo zovala ziwiri ndi kathumba ka mtedza wosenda, wosankhidwa bwino, wopanda ndi njere imodzi yofumbwa.

"Umenewo ankati ndi wambewu," adatero msuweni. "Ankatola pamene tikusenda, n'kumabisa. Ankati mvula yayandikira, munda ukudikira. Tikawalozera munda wathu ankakana, ankati si umenewo."

Adapukuta maso, n'kupitiriza. "Masiku oyamba ankati akufuna kwawo. Ife tinkawauza kuti azakhali, kwanu ndi konkuno, mwafika. Ankakwiya. Kenaka adasiya kunena zimenezo. Tikawafunsa kuti nanga phukusili mukupita nalo kuti, ankangoti kaya. Tsiku ndi tsiku, kaya, kaya. Tinkamva chisoni kuti nkhalamba yafika posadziwa kumene ikufuna."

Kaya wa Chichewa ndi wa munthu amene sakudziwa. Koma amayi mano adali atatha, mawu ankatuluka odukaduka.

"Ankati kaya," ndidafunsa, "kapena kukaya?"

Msuweni adaganiza pang'ono. "Eya, chonchotu. Kukaya. Tinkayesa chibwibwi cha ukalamba. Ngakhale dzulo lake la tsiku lomwalira adandigwira dzanja n'kunena katatu. Kodi ali ndi tanthauzo mawuwo?"

Zonse zidandionekera nthawi imodzi. Pakhonde panga paja, pamene ankati kwathu, ankanena ku Kapichila, kumunda kwawo ndi kumanda a mwamuna wawo, mtunda woti njinga imafika dzuwa lisanatenthe. Ine ndidawanyamula kuwadutsitsa malire. Atafika kuno n'kuona kuti liwu lakuti kwathu silikuwathandiza, adafukula m'mutu wakuthawo mpaka adapeza liwu limodzi la Chitumbuka limene lidatsalira, liwu loti ine kapena achimwene tikadalimva kamodzi kokha tikadadziwa. Adalinena miyezi yonseyo kwa anthu abwino amene sakadatha kulimva. Ine Lamulungu lililonse ndinkafunsa ngati akudya, osapempha ngakhale kamodzi kuti awaike foni kukhutu.

Ndidadikira kuti achimwene alankhule. Adali ndi ufulu wonse wondivula pamaso pa anthu, ndipo ndikadalandira. Adayang'ana mtedza uja nthawi yaitali, kenako adayang'ana msuweni.

"Yalibe tanthauzo, asuweni. Ni ukote chabe, ukalamba. Munawasunga bwino amama, yewo chomene."

Adamanga kathumba kaja n'kukaika m'thumba la jekete. Ulendo wonse wobwerera sadanene kanthu za nkhaniyi, ndipo mpaka lero sadanenepo. Akadandikalipira, mwina bwenzi nditapepukidwa. Mtedzawo adakadzala m'munda wa amayi ku Kapichila mvula itagwa, mizere isanu ndi umodzi yokha. Atakolola adanditumizira pang'ono m'chigoba cha shuga, popanda uthenga uliwonse. Sindidadye ndipo sindidagulitse. Uli m'kabati.

Ndiye anzanga a pamsika akandifunsa kuti Zambia na Malawi ndingasankhe kuti, ndimaweramira mtedza wanga n'kuyankha m'Chichewa cha amayi kuti, "Kaya." Iwo ndi Atumbuka, amamva zawo. Amagwedeza mitu n'kunena kuti ndayankha mwanzeru, palibe malo oposa kumudzi. Ine sindiwakonza. Amayi adanena liwu lomveka bwino kuposa langali, ndipo padalibe womva.