Kapepala ka mtima wa abambo kandikanika

Moni nonse apabanja.

Abambo ali bwino tsopano, musade nkhawa. M'mawa anamva kuwawa pachifuwa akusoka fodya, ndiye ndinathamangira nawo kuchipatala cha ku Nathenje kumene amagwira ntchito Tadala, mzime wathu uja akuphunzira kuyeza mtima pamakina. Anawamata timawaya pachifuwa, makinawo n'kulavula kapepala kakatali.

Mwachizolowezi abambo anakatenga n'kupatsira ine. Pajatu makalata onse a pakhomo, ngakhale zolemba pathumba la feteleza, wowerenga ndimakhala ine. Ndinavala magalasi mwaulemu wake, koma ndinangoona zokhotakhota ngati m'munda molima munthu woledzera. Tadala anati, "Achimwene, mwagwira chozondotsa." Iye anangoyang'ana kamodzi n'kuitana adokotala, ndipo adokotalawo anatitumiza kuchipatala chachikulu kutauni nthawi yomweyo. Akuti tikadachedwa zikadavuta.

Mu ambulansi abambo anati, "Pakhomo panga wodziwa kuwerenga ndi Tadala." Ine ndili pomwepo, nditawanyamulira nsapato.

Tsono Loweruka mwanayu akufuna zifuwa za abale zoti aphunzirirepo. Ndipite kodi? Ndikuopa kuti nsanje yangayi ikaonekera papepalapo.