Botolo la m'maso la achimwene

Achimwene anga ndi munthu woti akagwira usipa wodzaza chidebe, kunyumba amafika ndi wa m'mbale. Anthu a ku Chintheche amawatama nawo mtima umenewu. Ine unandidwalitsa mutu.

Diso lawo lamanzere linazima pang'onopang'ono, osapweteka n'komwe. Nditawakokera kuchipatala ku Mzuzu, anawakhazika pa makina ojambula m'kati mwa diso, chibwano pa kachitsulo, ndipo panatuluka chithunzi chonga dzira lokazinga. Adokotala, mayi wodekha, anandilozera kamphete kapakati. Anati umenewo ndi mtsempha wopititsa zimene diso laona ku ubongo, ndipo ukufota chifukwa madzi a m'diso akuupanikiza. Ukafota sutsitsimukanso. Lamanzere lapita, tipulumutse lamanja: dontho limodzi tsiku lililonse, mudzabwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Tinabwereradi. Anaika zithunzi ziwiri pamodzi, chakale ndi chatsopano, ndipo ngakhale ine wa Fomu 4 ndinaona kuti kamphete kaja kapyapyala.

"Bambo, mankhwala mukuthira?" anafunsa adokotala.

"Eee, mpaka amatha msanga."

Ndinadzigwira mpaka titakwera minibasi.

"Achimwene, amatha msanga bwanji?"

"Nanga anzanga opha nawo usipa? Maso awo amafiira ndi nyali zokopera usipa usiku zija. Ndiwamane?"

Kani botolo lija linkazungulira gombe lonse, mpaka kukafika kwa apongozi awo ku Kande. Likatha pa milungu iwiri, mwiniwake n'kukhala duu milungu ina iwiri, kudikira tsiku lokalandira lina.

Ndinakalipa mpaka dalaivala anatsitsa wailesi kuti amve bwino.

"Si kondowole ameneyu, achimwene! Mukugawa diso, ndipo latsala limodzi!"

"Iwe, mkwiyo wakowu ndi umene wakuthothola tsitsi."

Botolo ndinalanda. M'mawa uliwonse ndimapalasa njinga kupita kugombe, kuwapeza akusoka ukonde, kuwagwira mutu ngati mbuzi yokana mankhwala, n'kudontheza. Anzawo aja amati ndine dokotala waumbombo. Wina amachita kutong'ola diso lake patsogolo panga, ati mwina ndimumvera chisoni.

Titapita kachitatu, chithunzi chinatuluka chimodzimodzi ndi chachiwiri. Adokotala anamwetulira, nati mtsempha waleka kufota.

Achimwene anadzuma. "Ulendo wonsewu, kudzangomva kuti palibe chasintha?"

Botolo likadali m'thumba mwanga, ndipo silichokamo.